Zenera Lofika Pansi

Nyumba za ku Mapaini, kumtunda kwa boma la Dedza, anazimanga m'nthawi ya Chitaganya, ndipo amene anazilinganiza ayenera kuti anali munthu wodana ndi mdima. Zonse n'zofanana ngati ana a bere limodzi: zazifupi, denga lotsetserekera mbali imodzi, chumuni chamiyala, khonde la njerwa zamabowo, pansi simenti yofiira. Koma chimene chinkaimitsa anthu pamsewu ndi zenera la pabalaza, lomwe linkayambira pansi penipeni, pofika tsache, n'kukathera kudenga. Anthu akumudzi poyamba ankaseka, ati azungu aiwala kumanga khoma limodzi. Azunguwo atapita, m'nyumbamo n'kulowa anthu athu ogwira ntchito m'boma, kuseka kuja kunasanduka kusirira. Zaka zonsezi khoma silinang'aluke, chumuni sichinabwezepo utsi, ndipo mu Juni, chisanu cha Dedza chikamaluma mpaka m'mafupa, dzuwa la m'mawa linkalowa pazenerapo n'kufunditsa pabalaza ponse.

Nyumba yapakati pa mzerewo inali ya a Bonifasio Gama ndi akazi awo a Dorika. A Gama anakalambira pa ntchito ya zoweta, kuyendera madibi a ng'ombe kuyambira ku Kasina mpaka ku Mayani, ndipo atapuma boma linawagulitsa nyumba yomwe ankakhalamoyo. Chigulireni, sipankatha mwezi osaima galimoto ya ku Lilongwe pakhomopo, mwini wake atavala magalasi akuda, kufunsa ngati nyumbayo ili pamalonda. Onse ankanena zofanana, kuti masiku ano amisiri anaiwala kumanga chonchi. A Dorika ankamulandira bwino mlendo wotere, kumupatsa mpando, mwinanso tiyi, kenako n'kumufunsa kuti, "Nanga ndikakugulitsani, ine ndi akuluwa tizikagona m'galimoto mwanumo?" Anali mayi wotero, wamfupi, wosachedwa kuseka, koma wouma mutu moti ngakhale abambo mfumu a ku parishi ankayamba atsokomola kaye asanawatsutse.

Kenako kunabwera matipate. Anthu anavota, anavina, pakamwa panamasuka. Koma walira mvula walira matope, manja a ena nawo anamasuka. Ku Mapaini kunayamba kusowa zovala pachingwe, mabatire a galimoto, ngakhale mipope ya madzi. Woyamba kumanga mpanda wa njerwa anali a Vinsenti, a nyumba yoyandikana ndi ya a Gama, amene anali atangogula maminibasi n'kuyamba kutsogoza mimba poyenda. Anaukweza mpandawo kupitirira denga, pamwamba n'kuzikapo mabotolo osweka. Ena onse anatsatira, poti mantha sachedwa kupatsirana. Pofika 1996, munthu woyenda mumsewu wa ku Mapaini sankaonanso nyumba zija anthu ankaziimirira. Ankangoona makoma ndi zipata zachitsulo, kupatula malo amodzi. Pa a Gama panali poyera ngati pozuka dzino, kapinga wake, maluwa ake, ndi zenera lija likuyang'ana msewu mopanda manyazi.

Chifukwa chake a Dorika sankabisa. Chaka cha referendamu a Gama anagwa kubafa, ndipo potuluka m'chipatala anali atafa ziwalo mbali ya kumanja. Lilime linalemera, mawu n'kutsala owerengeka. Choipitsitsa, khosi linapindikira kutsogolo n'kuumira pomwepo, moti munthu uja ankathamangitsa njinga yamoto m'mapiri onse a Dedza tsopano sankatha kudzutsa mutu kuti aone nkhope ya mnzake. Dziko lawo linatsala la kuyambira m'mawondo kutsika pansi. Mawu a anthu nawo ankawasokoneza. Wina akamawalankhula ali chiimire pambali pawo, ankangophethira, osasonyeza kuti amva kapena ayi.

Koma a Gama anali munthu wa kudibi. Moyo wawo wonse anathera kuyang'ana ziboda, ndipo ali bwino ankakonda kunena kuti ng'ombe sidziwika itaima, imadziwika ikamadutsa. Tsiku lina a Dorika, pofuna kuti odwala awothere dzuwa, anakankhira mpando wawo pazenera lija. Ali kukhitchini anamva ndodo ikugogoda pasimenti, ndipo pothamangirako anamva amuna awo akuti, "Fu-lo-si." Kunja kunkadutsa a Flossie ogulitsa mbatatesi, mapazi awo a zikang'a akukoka chidendene chimodzi monga mwa kayendedwe kawo. A Dorika anakhala pansi pomwepo n'kulira, poti anali atayamba kukhulupirira kuti m'mutu mwa amuna awo moto unazima.

Kuyambira pamenepo a Gama ankakhala pazenerapo mpaka dzuwa kupendeka. Msewu umenewo ndi womwe anthu a m'midzi ya kuseri kwa phiri amatsikira kumsika, kuchigayo ndi kuchipatala, ndiye mapazi sankatha: a nkhwaira, a majombo, a masilipasi omangidwa ndi waya, a ana asukulu otuwa ndi chisanu, ndi ziboda za ng'ombe zokoka ngolo. Anthu atazindikira, anayamba kukuwa podutsa, "Tidutse nawo, a Gama!" ndipo ndodo inkayankha, go go. Ng'ombe ikadutsa ikutsimphina, ndodoyo inkagogoda mokalipa mpaka a Dorika atuluke akamuuze mwini wake kuti aiyang'ane chiboda. M'mawa uliwonse a Dorika ankapukuta galasilo ndi nyuzipepala yakale, makamaka cha kumunsi, kumene anthu ena sapukutako n'komwe. Tsiku loti kwadutsa anthu ambiri, a Gama ankadya bwino n'kugona bwino.

Mwana wawo Themba ankagwira ntchito ku banki ku Lilongwe. Anali mwana wabwino, tisamunamizire, mankhwala, shuga ndi sopo ankatumiza osadumphitsa. Koma matenda a bambo ake ankamuopsa. Akabwera ankasiya galimoto mumpanda mwa a Vinsenti poopa akuba, n'kutulukira pa kachipata ka kumbuyo, kulowera kukhitchini, kudzaima kuseri kwa mpando n'kukuwa ngati akulankhula ndi gonthi: "Bambo, ndine Themba!" A Gama ankangophethira. Themba ankabwerera kukhitchini nkhope itagwa.

"Bambo anapita kale, amayi. Chatsala ndi thupi," ankatero.

"Kadutse kumsewuko akuone ukuyenda. Phazi lako lopotokalo angalisowe? Si lawo lomwelo?"

"Ndiziyenda uku ndi uku ngati ng'ombe ya pamsika? Amayi, musamadzinamize. Ndodoyo amangogogoda."

Lamulungu lina a Dorika ali ku Misa, akuba analowera kukhitchini. Anatenga wailesi, makina osokera ndi mapoto, ndipo, anthu opanda chisoni, anasolola ngakhale bulangete limene a Gama anafunda m'miyendo, n'kuwasiya akunjenjemera pampando. Nkhani itafika ku Lilongwe, Themba anatenga tchuthi. Anabwera ndi lole ya njerwa, n'kuitana a Vinsenti, amene tsopano anali wapampando wa komiti ya chitetezo, pamodzi ndi a Ezara, mmisiri amene anamanga mipanda yonse ya mumzerewo. Anakumana pakhonde.

"Mayi Gama," anayamba a Vinsenti, "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero atenga bulangete, mawa adzabwera ndi zikwanje. Komanso pakhomo panu pano ndi pamene pakulowetsa mphepo mumzere wonse. Akuba akaona poyera apa amati ku Mapaini n'kofewa."

"Analowera kumbuyotu, bambo Vinsenti, kumene anabisala ndi mthunzi wa mpanda wanu," anayankha a Dorika. "Kumaso kuno kuli maso a anthu."

"Chabwino amayi, tisakangane," anatero Themba, ndi mawu aja amauzira anthu okwiya pamzere ku banki. "Kumbuyo ndi m'mbali timange wautali. Kumaso kuno ungofika m'chiuno, pamwamba tiikepo zitsulo. Phiri lija bambo amalikonda aziliona bwinobwino, dzuwa lizilowa. Nanga pamenepa mukananso chiyani?"

A Ezara anagwedeza mutu kuvomereza. A Vinsenti anati mwanayu sukulu siinapite pachabe. Kunena zoona, kwa munthu woimirira maganizowo analibe poipa, ndipo vuto lake linali lomwelo, kuti onse atatu anali chiimire.

"Bambo ako phiri analiona komaliza chaka cha referendamu," anatero a Dorika. "Chimene amaona ndi mapazi. Kwa iwo mpanda wofika m'chiuno ndi wofika kumwamba n'chimodzimodzi. Kumbuyo mangani mpaka mugunde mitambo, ndilibe nazo. Kumaso kuno ngakhale njerwa imodzi, ayi."

"Nanga akuba akadzawapha?" anafunsa Themba.

Funso limenelo linawalasa, chifukwa mantha anali nawo. Chibereni ankadzidzimuka ngakhale ndi mphaka wodumpha padenga, ndipo ku Misa anali atasiya kupita. Koma anamuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Akuba akabwera adzawapha tsiku limodzi. Iwe ukufuna kuwaika m'manda akupuma, tizikawapatsira phala momwemo."

A Vinsenti anachoka akupukusa mutu, akunena mokweza kuti amayi ena ufulu wa matipatewu anaumva molakwika. A Ezara anayamba ntchito kumbuyo monga analoledwa, ndipo nkhani inaoneka ngati yagona.

Isanathe sabata, kunabwera uthenga woti mlongo wawo wa a Dorika wamwalira ku Kasina. Maliro a mlongo wako sutumizako munthu. Themba anati awasamalira bambo ake, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, amayi apite ndi mtima umodzi. Potuluka, mpango wakuda uli kumutu, a Dorika anatembenuka n'kumuloza ndi chala.

"Kumaso kuja usakhudze."

"Muyende bwino, amayi," anatero Themba. Ali m'galimoto ya matola, cha ku Linthipe, ndi pamene a Dorika anazindikira kuti limenelo silinali yankho.

Anakhala ku Kasina mpaka mwambo wonse unatha. Pobwera anatsika pamsika masana n'kukwera mtunda wa ku Mapaini wapansi, m'kachiperoni kaja kamanyowetsa munthu osamuuza. Ali patali anaona kuti dzino lija laikidwa. Mpanda wofiira, watsopano, wofika m'chiuno, wowongoka bwino, unali utadutsa kumaso konse, a Ezara akumalizitsa cha kuchipata. Patsogolo pawo pankayenda a Flossie ndi dengu lawo, ndipo atafika pa a Gama anakuwa mwachizolowezi, "Tidutse nawo, a Gama!" M'nyumbamo munali zii.

A Dorika analowera kumaso, chitseko n'kuchisiya chotsegula. A Gama anali pampando pawo, osambitsidwa bwino, ometedwa ndevu, ofunditsidwa bulangete latsopano, koma maso ali otseka. Ndodo inali pansi. Pambali panali mbale ya phala lozizira.

"Akukana kudya," anatero Themba akutuluka kukhitchini, maso akuthawathawa. "Ayenera kuti amapukwa inu."

A Dorika anagwada pambali pa mpando, n'kugundiza mutu wawo ku mutu wa amuna awo, n'kuyang'ana kumene maso a odwalawo akanayang'ana. Panali kapinga pang'ono, kenako njerwa, kumanzere njerwa, kumanja njerwa. Mtima unawawira ndi ukali umene sanaumvepo chikwatiwireni, koma sanakalipe. Anatola ndodo ija n'kuibwezera m'dzanja la amuna awo, anavula nsapato za ku maliro, anamanga chitenje cholimba m'chiuno, n'kutuluka.

Mwayi wake, a Ezara anamangira matope poyembekeza kudzapaka simenti pamwamba, ndipo ndi chiperoni cha masiku amenewo matopewo anali asanaume. A Dorika anaima moyang'anizana ndi zenera, anagwira njerwa ya pamwamba, anaigwedeza, inazuka. Anaiika pambali bwinobwino, poti njerwa siinalakwe kanthu. Anazula ina.

"Mayi, ntchito yangatu imeneyo!" anakuwa a Ezara, akubwera ndi matope m'manja.

"Ntchito yanu ndi yabwino, a Ezara. Yangoima polakwika."

Anthu a pamsewu anayamba kuima. Amayi ochokera kuchigayo anatula matumba awo, mwini ngolo wina anaimitsa ng'ombe zake. A Flossie, amene anali asanapite patali, anabwerera, anaika dengu pansi, ndipo osafunsa kanthu anayamba kulandira njerwa n'kumaziunjika. Phokosolo linatulutsa a Vinsenti m'chipata mwawo.

"Mayi Gama, mutu wazungulira kodi? Anthu akukuonanitu!"

"Andione. Nyumba iyi anaimangira kuonedwa."

"Ife a komiti tinagwirizana kuti mzere wonse utsekedwe."

"Munagwirizana m'mipanda mwanumo. Inu munagula nyumba yokongola n'kuitsekera ngati mkaidi. Munakhala liti pazenera panu, bambo Vinsenti? Mukakhalapo mumaona chiyani, matako a mabotolo?" Anthu anaseka, ndipo a Dorika anazula njerwa ina. "Paja tinavota kuti munthu azinena za kukhosi. Zanga ndi zimenezi."

Zala zawo zinali zitayamba kutuluka magazi, koma mpata unali utatsika kufika m'mawondo, ndipo anagwada kuti azule za pansi. Ndi pamene Themba anatuluka. Anaima pakapinga, manyazi ndi ukali zitamugwira.

"Amayi, mwandivula pamaso pa anthu. Ine ndimafuna kukutetezani, ndalakwa pamenepo? Bambo sadziwa kanthu! Sadziwa mpanda, sadziwa msewu. Ine mwana wawo ndawasambitsa, ndawameta, ndawanyamula ndi manja angawa masiku onsewa, ngakhale kamodzi sanandidziwe. Mukugwetsa mpanda chifukwa cha munthu amene kulibe!"

Mawu omalizawo anatuluka ndi misozi, ndipo anthu anasiya kuseka. A Dorika anamumvera chisoni mwana wawo, pakuti anaona kuti chomwe chinkamuwawa si njerwa ayi. Akanatha kudzuka n'kumugwira paphewa. Koma anadziwa kuti akangodzuka, a Ezara abwezeretsa zonse dzuwa lisanalowe, choncho anawerama n'kuzula njerwa ya pansi penipeni, yomwe inatuluka ndi udzu.

"Ndikupita," anatero Themba. "Zikadzachitika musadzanditumizire uthenga."

Analowa m'nyumba n'kutenga chikwama chake. Anathamangira kukhitchini monga mwa masiku onse, koma njira ya ku kachipata ka a Vinsenti anali ataitseka yekha ndi mpanda wake wautali wa kumbuyo. Sakanachitira mwina, anazungulira nyumba, anatulukira pachipata cha kumaso, n'kulowa mumsewu kulunjika kumene kunali galimoto yake. Anthu anamupatukira. Ankayenda mwachangu, mutu uli pansi, phazi lamanzere likupotokera mkati, nsapato yake yakuda yodyeka mbali imodzi, ndipo anadutsa pampata paja osayang'ana kumbali.

Go. Go go go go.

Ndodo inalira pasimenti ngati yofuna kuiswa. Kenako, kudzera pachitseko chotsegula chija, panamveka mawu olemera, okokedwa kuchokera kutali:

"The-mba."

Chikwama chinagwera m'matope. Themba anatembenuka. Pazenera ankangoona pamwamba pa mutu wa imvi ndi dzanja lamanzere likunyamula ndodo n'kuitsitsa. Anayamba kuthamangira kuchitseko, koma amayi ake anatambasula dzanja lamatope n'kumutchinga.

"Usalowe. Ukaima pambali pawo sakuona. Dutsanso."

Themba anawayang'ana amayi ake, anayang'ana anthu onse aja, n'kubwerera mumsewu. Munthu wa ku banki, malaya oyera, misozi ili chuchuchu, anadutsa pang'onopang'ono pampata paja, ndipo ndodo inagogoda. Anabwerera n'kudutsanso, inagogodanso, dzina lake likutuluka movutikira koma lathunthu. Palibe anaseka. A Vinsenti analowa mumpanda mwawo mwakachetechete, chipata chachitsulo n'kulira kumbuyo kwawo.

A Dorika anaona kuti mpata uja unali ukadali waung'ono, moti mwanayo ankangoponda pang'ono n'kubisika, a Gama n'kutsala akudikira.

"A Ezara," anaitana osatembenuka, "bweretsani wilibala ija kuno."

Anapukuta magazi a m'zala pachitenje, n'kugwira njerwa ina.